Chipsera cha Kunkhongo

Munthu saona nkhongo yake. Nkhope amaidziwa bwino, amadziwa pomwe patuluka kachiphuphu ndi pomwe payamba makwinya, koma za kumbuyo kwa mutu amachita kuuzidwa. Ine anandiuza ndi wometa wanga, mnyamata wa ku Mangochi yemwe ali ndi mpando wake m'kashopu kena ku Mayfair mu Johannesburg. Tsiku limenelo anazimitsa mashini asanamalize, n'kukhala kaye chete. Kenako anati, "Achimwene, kumbuyoku ndilekezere pati? Ndikatsitsa kuposa apa zionekera." Ananyamula kagalasi kam'manja n'kukaimika kumbuyo kwanga. M'galasi lalikulu ndinaona mzere wotuwa, wosalala ngati chikopa chofufuta, wochokera pamwamba pa khutu ili kukafika pa khutu linalo. Pakati penipeni unali wotambalala ngati chala changa chaching'ono, ndipo panalibe tsitsi ngakhale limodzi.

Mzerewo ndinaugula ndekha, ndi ndalama zomwe ndinasunga kwa zaka ziwiri.

Dazi linandiyamba ndisanakwane zaka 30, ndendende ngati bambo anga. Kwathu ku Dowa anthu amati dazi ndi la anthu achuma, ena amati ndi la anzeru, ndipo bambo ankalinyamula mopanda nkhawa. Ndimawakumbukira ali pa nazale ya fodya m'mawa, thukuta likunyezimira paliwombo, akulipukuta ndi kansalu komwe sikankachoka m'thumba mwawo. Ndinkawakonda. Koma nditayamba kuona mutu wawo m'galasi langa, mtima unandisiya. Ndinali mlendo m'dziko la eni, pantchito ya muofesi pakati pa anyamata ovala bwino, ndipo chithunzi chilichonse chojambulidwa paukwati kapena kutchalitchi ndinkayamba kuyang'ana pamphumi panga ndisanayang'ane amene ndaima nawo. Ndili ndi zaka 38 ndinapita ku chipatala china chosamutsa tsitsi. Kunyumba ndinauza mkazi wanga yekha. Kumudzi sindinauze aliyense.

Nzeru yosamutsa tsitsi inayamba kale. Mu 1939 dokotala wa ku Japan, Shoji Okuda, analemba momwe ankatengera tizidutswa ta khungu lokhala ndi tsitsi n'kutidzala pamalo pomwe anthu anapsa kapena kuvulala. Mu 1959 Norman Orentreich wa ku New York anafalitsa mfundo yomwe ntchito yonseyi yatsamirapo mpaka lero: muzu wa tsitsi la kunkhongo ukausamutsira pamphumi umasunga khalidwe la kwawo. Sufooka ndi homoni ija amaitcha DHT, yomwe imafota tsitsi la paliwombo mwa amuna a mtundu wa dazi. Mwana wa mlimi wa fodya savutika kumvetsa zimenezi. Ndi kuwokera basi: uzula mbande ku nazale, ukadzale kumunda. Palibe tsitsi latsopano limene limalengedwa. Chomwe chamera kutsogolo chachoka kumbuyo, ndipo nazaleyo ili ndi malire.

Njira yomwe anandichitira ndi ya FUT. Amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kudula kalamba ka khungu kunkhongo, kotambalala ngati sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kotalika kuchokera khutu kufika khutu. Kalambako amakagawagawa pansi pa maikulosikopu kukhala timagulu ta tsitsi limodzi mpaka anayi, ndipo timaguluto amatidzala pamphumi. Pomwe adula paja amakoka khungu la m'mwamba ndi la m'munsi n'kulisoka. Zikayenda bwino pamatsala kamzere ka milimita imodzi kapena awiri. Kwa ine sizinatero. Ndinaumirira kuti andidzale tsitsi lochuluka ulendo umodzi, choncho anadula kalamba kakakulu, ndipo khungu langa, lomwe ndi lolimba mwachibadwa, linasokedwa mokoka. Ndiye sabata yachitatu tinasamuka nyumba, ine n'kumanyamula makatoni ndi mafiriji ngakhale anali atandiletsa. Bala lochira silifika pa mphamvu za khungu lobadwa nalo. Ngakhale litakhwima limalekezera pafupifupi 80 peresenti, ndipo m'miyezi yoyambirira limakhala lanthete kwambiri. Likamakokedwa tsiku ndi tsiku siling'ambika ayi, limangotanuka mwakachetechete. Kutsogolo tsitsi linamera bwino, anthu n'kumandiyamikira kuti ndabwerera unyamata. Walira mvula walira matope: kumbuyo ndinali ndi msewu.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unayamba kuyendera mzerewo. Ndinkasunga tsitsi lalitali kumbuyo ngakhale kutatentha chotani. M'tchalitchi ndinasiya benchi lakutsogolo lomwe ndinkakonda, n'kumakhala kumbuyo kuti pasakhale munthu wondiyang'ana kunkhongo. Mu minibasi ndinkasankha mpando womaliza. Chipewa chinasanduka chiwalo cha thupi langa. Ndinali nditasinthanitsa manyazi oonekera kwa aliyense ndi manyazi ofunika kuwalondera usana ndi usiku.

Kenako bambo anamwalira. Ndinafika kumudzi usiku wa tsiku loti mawa lake tiika. Titaika, patapita masiku, abale anasonkhana m'mawa kuti amete, monga timachitira kwathu pochotsa maliro. Mabanja ena masiku ano amangodula pang'ono, koma kwathu ana a malemu amameta mpala. Achimwene anga anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, tsitsi lawo likugwera pamphasa. Azichemwali anavula mipango. Itafika nthawi yanga, azakhali, alongo awo a bambo, anandikodola ndi lumo m'manja. Ine ndinati, "Azakhali, mungodulako pang'ono pambalipa. Kuntchito sangandilole mpala." Linali bodza, ndipo ndikhulupirira anadziwa. Sananene kanthu. Anadula kanyenyeswa pafupi ndi khutu n'kukaponya pamulu wa tsitsi la abale anga. Masana ake ndinali ndekha wa tsitsi lodzaza mutu pakati pa ana a munthu wadazi, onse atameta chifukwa cha iye.

M'basi yobwerera, kudutsa Tete mpaka Beitbridge, ndinali ndi maola ambiri oganiza. Ndinaona kuti ndinawakana bambo kawiri: koyamba pamene ndinalipira kuti ndisafanane nawo, kachiwiri pamene ndinalephera kuwalira monga mwana wawo. Ndipo funso lomwe ndakhala nalo kuyambira pamenepo linabadwira m'basimo. Kodi chipsera chomwe munthu wadzipatsa yekha chifukwa cha mantha ndi kudzikonda ali ndi ufulu wochikonza? Kapena ayenera kuchisenza mpaka kumanda ngati malipiro?

Mumtima mwanga munali mawu awiri otsutsana. Oyamba ankati: usachikhudze. Unasewera kale ndi chilengedwe cha Mulungu, amene Uthenga wa Mateyu ndi wa Luka umati amadziwa ngakhale chiwerengero cha tsitsi la pamutu pako. Unakonza chomwe sichinali chowonongeka. M'buku la Levitiko, mutu 13, pomwe ansembe akupatsidwa malamulo oyezera matenda a pakhungu, munthu wothothoka tsitsi amatchedwa wadazi chabe, wosadetsedwa. Mneneri Elisa anali ndi dazi, pamene Abisalomu, yemwe tsitsi lake ankachita kuliyeza pasikelo chaka ndi chaka, anathera pamtengo. Ndiye ukabwereranso pansi pa mpeni womwewo, si kuwonjezera tchimo pa tchimo? Mawu achiwiri ankati: ndi khungu chabe ili. Anthu amakonzetsa mano, amavala magalasi, amachotsa njerewere. Pita akakusoke bwino, uiwale.

Ndinayenda ndi mawu awiriwa miyezi yambiri, ndipo lero ndimaona kuti onse anali kundinamiza. Achiwiriwo ankafuna ndikhulupirire kuti palibe chinachitika, chonsecho mzerewo unandilanda maliro a bambo anga. Oyambawo ankamveka opatulika, koma pansi pake panali kunyada kwa mtundu wina: kuganiza kuti kuvutika kwanga kungalipire kanthu, kuti ndikakhala zaka 30 pabenchi lakumbuyo ndiye kuti ngongole yatha. Komanso sankandiuza kuti ndiulule. Ankangoti ndisunge chipseracho, ndipitirize kuchiphimba ndi chipewa. Chilango chobisika chotero sichikonza munthu, chimangomuwumitsa mtima.

Amene anayamba kundimasula ndi mkazi wanga. Usiku wina ndikudandaula za nkhaniyi anakhala tsonga pabedi, n'kutenga dzanja langa kuliika pamimba pake, pa mzere wa opaleshoni yomwe anabadwira mwana wathu wachiwiri. Anati, "Abambo, ichi chinatupa n'kumandiyabwa chaka chathunthu. Munandiperekeza nokha kuchipatala kuti akachione. Kodi tsiku lija tinachimwa?" Ndinati ayi, koma chakecho chinabwera ndi mwana, changa chinabwera ndi uchitsiru. Anayankha kuti, "Thupi silidziwa zimenezo. Limangodziwa kuti lavulala."

Ndinapita nayo nkhaniyi kwa abusa athu, bambo wachikulire wodekha polankhula. Ndinavula chipewa mu ofesi yawo n'kutembenuka kuti aone. Aka kanali koyamba kuonetsa munthu mwa kufuna kwanga. Ndinkayembekeza kuti atsegula Yohane 20, pomwe Yesu wouka kwa akufa akuonetsa Tomasi mabala a m'manja ndi m'nthiti. Ndinali nditaiganizira kale ndimeyo. N'zodabwitsa ndithu kuti thupi lomwe linagonjetsa imfa silinafafanize zipsera zake, ndipo Augustine wa ku Hippo, chakumapeto kwa buku lake la Mzinda wa Mulungu, anaganiza kuti mwina ofera chikhulupiriro adzaukanso ndi zizindikiro za mabala awo, zitasanduka ulemerero. Koma ndimeyo inkandipweteka m'malo monditonthoza, chifukwa amenewo ndi mabala a chikondi. Langa silinali la gulu limenelo.

Abusa sanapite kumeneko. Anandifunsa kuti, "Bambo, mukumukumbukira munthu wa m'Baibulo amene anavala tsitsi losakhala lake pamaso pa bambo ake?" Ndinakhala chete. Anatsegula Genesis 27, nkhani ya Yakobo, munthu wa khungu losalala, amene anamangidwa zikopa za timbuzi m'manja ndi pakhosi kuti Isake, maso atachita khungu, amuyese Esau waubweya uja. Bambo ake atamufunsa kuti ndiwe yani, anatchula dzina la mkulu wake. Ndinamva ngati abusawo anali nawo pansi pa mtengo wa mango paja. Kenako anatsegula mutu 32. Patapita zaka 20, Yakobo yemweyo ali yekha usiku pa mtsinje wa Yaboki, akulimbana ndi munthu wosamudziwa mpaka mbandakucha. Akufunsidwanso dzina, ndipo ulendo uno akutchula lake. Akuchokapo ndi mdalitso, dzina latsopano, ndi ntchafu yoguluka. M'mawa mwake akukumana ndi Esau akutsimphina, aliyense akuona.

"Chomwe Mulungu anafuna kwa Yakobo sichinali kutsimphina," anatero abusa. "Anafuna dzina. Inu mukufunsa ngati mungakonze chipsera. Ine ndikufunsa ngati mwawauza azakhali anu chifukwa chomwe munakanira lumo."

Apa m'pomwe ndinaona kuti ndinasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, bala ndi bodza. Bala ndi la thupi, ndipo thupi ndi loyenera kulichitira chifundo posayang'ana kuti linavulala bwanji. Dokotala safunsa woledzera amene wathyoka mwendo ngati akuyenera pulasitala. Bodza ndi la mtima, ndipo mpeni sulifika. Ndikanakonza chipsera kuti bodza likhale losavuta kusunga, ndikanakhala ndikumanga chikopa cha mbuzi chachiwiri pamwamba pa choyamba. Ndikanachisiya n'kupitiriza kunama, sindikanapindulanso kanthu. Mlandu sunali pa kusoka kapena kusasoka. Unali pa chomwe ndikufuna kuti kusokako kundichitire.

Ndinayamba ndi foni. Ndinaimbira azakhali Lamulungu masana, n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa dazi mpaka pa makatoni. Anamvetsera osandidula. Pomaliza anati, "Mwanawe, ndinaona ndithu pamene unawerama kusamba m'manja. Ndimayesa unachita ngozi ku Joni ndipo sukufuna kutidandaulitsa." Chinsinsi chomwe ndinachilondera zaka zonsezo chinali chitaoneka kale ndi munthu wondikonda, ndipo iye anachimasulira mondikomera mtima kuposa momwe chinalili.

Kenako ndinapita kwa dokotala wina. Anayamba ndi kundivulitsa malaya. Anayang'ana chipsera cha katemera pamkono ndi kena ka pachifuwa, kufuna kuona ngati thupi langa limatupitsa zipsera, vuto la keloid lomwe limapezeka kwambiri mwa ife a khungu lakuda. Ndiye anagwira khungu la kunkhongo ndi zala, kulikankhira m'mwamba ndi m'munsi kuti aone kufewa kwake. Anandiyalira njira zitatu. Yoyamba, kudula chipsera chakalecho n'kusokanso, ulusi wina mkati wonyamula kulemera, wina kunja, ndi kusenga pang'ono mlomo umodzi wa bala kuti tsitsi lidzamere lobowola mzerewo. Yachiwiri, kuzula mizu umodziumodzi pamalo ena, njira ya FUE, n'kuidzala m'chipseramo. Koma anati chipsera chili ngati nthaka yoguga, magazi amayenda ochepa, mbande zina sizigwira, ndipo mizu ya tsitsi lathu lopotana ndi yokhota pansi pa khungu, yosavuta kuidula poizula. Yachitatu, kudontheza timadontho ta inki tooneka ngati tsitsi longometedwa kumene, tomwe timazilala pakapita zaka n'kufuna kubwerezanso.

Kenako ananena mawu omwe ndimawasunga mpaka lero. "Chipsera sindingachichotse. Paliponse pomwe mpeni wadutsa pamatsala chipsera. Chomwe ndingachite ndi kukusinthirani chachikulu ndi chaching'ono, ndipo nachonso chikhoza kutanuka ngati tichikoka." Mawuwo sanandikhumudwitse. Anandikhazika mtima pansi, chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu wa mpeni sanandilonjeze kundibwezera dzulo. Ndinazindikira kuti chikhululukiro chomwe ndimachidziwa m'moyo wanga chimagwiranso ntchito chomwecho. Sichinena kuti sizinachitike. Kukana kwa Petro kunalembedwa m'Mauthenga onse anayi, ndipo Mpingo sunakufufute ngakhale iye atakhala mtsogoleri wake. Chomwe chikhululukiro chimachita ndi kuchotsa kukoka, kuti malo ovulalawo asapitirire kutanuka n'kumeza moyo wonse.

Ndinasankha njira yoyamba. Dokotala anandituma kuti kwa miyezi itatu ndizifewetsa khungu, kulumikiza zala kunkhongo n'kumalikankha m'mwamba ndi m'munsi m'mawa ndi madzulo. Anakananso kudula mzere wonse tsiku limodzi. Anachotsa chigawo chapakati chomwe chinali chotambalala kwambiri, kuti pasakhale kukoka. Anandifunsa ngati ndikufuna atengepo mizu ina yodzala paliwombo, pomwe dazi linali litayamba kubwerera kuseri kwa tsitsi lowokera lija. Ndinati ayi. Ulendo uno sindinanyamule kanthu kolemera kwa miyezi yomwe anandiuza, ngakhale kuwerama kumanga nsapato ndinkachita mosamala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patatha chaka mzerewo unali utakhazikika pa mamilimita awiri kapena atatu, tsitsi lina litamera mkati mwake. Pa tsitsi lalifupi suoneka. Pa mpala umaoneka.

Sindinena kuti aliyense wa chipsera chotere achite monga ine. Ndikudziwa kuti ena amadzala mizu, ena amadontheza inki, ena amangometa n'kuyenda nacho poyera, ndipo palibe mwa iwo amene ndingamuloze chala. Agogo anga aakazi anali ndi mphini kumaso zomwe anazitema ali namwali kuti akongole, ndipo anakalamba nazo mosachita manyazi ngakhale achinyamata atasiya mwambowo. Mtundu wa anthu wakhala ukulemba pathupi kuyambira kale, pofuna kukongola, kuchira kapena kulandiridwa. Chomwe ndaphunzira n'chakuti funso loyenera kudzifunsa usanagone pa tebulo la dokotala si lakuti kodi Mulungu alola. Ndi lakuti: ndikadzuka pamenepa, kodi ndidzatha kunena zoona mosavuta kuposa kale, kapena movutikira kuposa kale? Ulendo woyamba ndinadzuka ndi chinthu choti ndizibisa. Ulendo wachiwiri ndinadzuka ndi chinthu chomwe ndikhoza kufotokoza.

Chaka chomwe tinamanga chiliza cha bambo ndinafika kumudzi kutatsala masiku awiri kuti tsiku lomanga lifike. Palibe mwambo womwe unkafuna kuti munthu amete pa tsikulo, maliro anali atachotsedwa kalekale. Komabe m'mawa ndinatenga mpando ndekha kuuika pansi pa mtengo wa mango uja, n'kupita kukagogoda kwa azakhali. Ndinati, "Azakhali, ndili ndi ngongole ya lumo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lezala latsopano, sopo ndi beseni la madzi ofunda. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, choncho ankameta pang'onopang'ono, kuyambira pamphumi, pa tsitsi lomwe linabadwira kunkhongo lija. Linagwera pamphasa ngati tsitsi lina lililonse. Atafika kumbuyo anaima. Ndinamva chala chawo chikuyenda pa mzerewo kuchokera khutu ili mpaka linalo, mofatsa, ngati munthu wowerenga kalata. Ana a achimwene anga anali atazungulira, ndipo wamng'ono anafunsa kuti, "Ankolo, anakutemani ndani?" Ndinamuuza kuti palibe ananditema, ndinapita ndekha kwa dokotala chifukwa ndinkaopa dazi la agogo ake, ndipo ndinalakwitsa kuliopa.

Azakhali anatsuka lezala m'beseni, n'kundizungulira kudzaima kutsogolo kwanga. Anagwira chibwano changa kuti ndidzutse mutu, dzuwa la m'mawa likugunda paliwombo. Maso awo anadzaza misozi. Anati, "Koma ndiye achimwene enieni."